Zimene Sindinawauze a Kamwendo pa Dipi ya ku Kasisi

Ndinadandaula koyamba pa nkhani iyi Lolemba loyamba la mwezi wa Meyi, chaka chimene ndinapuma pa ntchito. Kalatayo ndinailemba pamanja, masamba atatu, ndipo ndinakaipereka ndekha ku ofesi, mlembi n'kudinda chidindo pa kope yanga. Yachiwiri ndinalemba mu Ogasiti chaka chomwecho. Yachitatu, ya mu Febuluwale chaka chotsatira, ndinakatayipitsa, chifukwa wina anandiuza kuti mabwana a masiku ano sawerenga zolemba pamanja. Pofika lero makalata akwana asanu ndi awiri m'zaka zisanu ndi chimodzi. Yankho ndalandira limodzi lokha, la mizere iwiri, lonena kuti kalata yanga yafika ndipo nkhani ikuunikidwa. Dzina langa analemba Samba m'malo mwa Semba.

Ana anga, mumaseka sutikesi yanga ya mapepala, ndipo Rute unanenapo kuti tsiku lina udzayatsira moto. Werengani kaye mutu uno wa mbiri yanga. Nkhani imene ndikudandaula si yanga. Ndi ya a Kamwendo, mlangizi wa ziweto mnzanga, amene anachotsedwa ntchito ng'ombe zisanu ndi zinayi zitafa pa dipi ya ku Kasisi. M'fayilo mwawo munalembedwa kuti ananyalanyaza ntchito, ndipo mawu amenewo awatsekera khomo kulikonse kumene akafunsira ntchito. Ndikufuna mawuwo afufutidwe. Chifukwa chake ndi chimene ndikulemba pano, ndipo mbali ina sichindikomera ine.

Chaka choyamba cha ntchito: Tengani

Ndinafika ku Tengani mu Seputembala, ndili ndi satifiketi, buluku la khaki ndi buku lalikulu la matenda a ziweto. Masiku amenewo ofesi yathu inali ndi dongosolo lakuti wantchito watsopano sagwira yekha kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ankamupereka kwa wantchito wakale, ndipo tinkangoti ali pa kutsata. Kumene wakaleyo wapita, iwenso upite. Zimene wachita, uone. Pakutha pa miyeziyo wakaleyo ankalemba kalata yonena ngati wakhwima kapena ayi. Ine anandipereka kwa a Zuze, munthu wamfupi, wakuda bii, wa Chisena, amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambiki iwo ali mwana. Sukulu analekezera kutali ndi kumene ine ndinafika, ndipo tsiku loyamba ndinaonetsetsa kuti adziwe zimenezo. Anayang'ana buku langa, analinyamula ngati akuyesa kulemera kwake, n'kunena kuti ndi labwino, litithandiza kutsekera chitseko mphepo ikamawomba. Kuyambira pamenepo ankanditchula bwana wa buku.

Njinga inali imodzi. Iwo ankapalasa popita, ine pobwera, chifukwa pobwera dzuwa limakhala litakwera. Zinthu zinali zosowa kale ngakhale nthawi imeneyo. Majakisoni tinkawiritsa m'chitini cha mafuta ophikira. Katemera tinkamukulunga m'chiguduli chonyowa n'kumuika mumtsuko. Mafomu akatha ndinkajambula mizere ndekha pa mapepala a m'kope ya sukulu. A Zuze sankafotokoza chinthu asanakufunse. Tikafika pa khola ankaima chapatali, n'kundifunsa kuti ndaona chiyani. Ndikanena dzina la matenda la m'buku ankati nkhabe, ndiko kuti ayi, ndiyang'anenso. Kwa iwo ndinaphunzira kuti amene akusunga ng'ombe kawirikawiri si mwini wake, choncho usabaye jakisoni usanadziwe kuti yaikizidwa ndi ndani. Ndinaphunzira kuti ukalowa pakhomo la munthu umayamba wakhala pansi n'kufunsa za mapira ndi thonje, za ng'ombe pambuyo. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinali m'buku.

Phunziro limene nkhani yonseyi yagonapo ndinalilandira Lachinayi lina m'mawa mu Okutobala, pa dipi. Kwa inu amene munakulira m'tauni, dipi ndi dzenje lalitali la simenti lodzaza madzi a mankhwala, mmene ng'ombe zimadumphira n'kusambira kuti nkhupakupa zife. Mankhwalawo ndi poizoni. Buku limanena momveka kuti ng'ombe yaludzu isalowe, chifukwa imamwa madziwo. Tsikulo a Zuze anandiimika pa geti. Mbusa woyamba atafika ndi gulu lake ndinamufunsa ngati ng'ombe zamwa, iye anati zamwa, ine n'kuyamba kuchotsa mtengo wa pa geti. A Zuze anandigwira dzanja.

"Bwana wa buku, wafunsa ndani?"

"Ndafunsa mwini ng'ombe."

"Iyeyu akufuna alowe woyamba, azipita dzuwa lisanapse. Akanapita ku mtsinje bwenzi ali kumapeto kwa mzere. Yang'ana miyendo."

Ndinayang'ana. Miyendo inali youma, yafumbi lotuwa. A Zuze anandionetsa gulu lachitatu pa mzere: ng'ombe zonse zinali ndi matope akuda, onyowa, mpaka m'mawondo. Kuno ng'ombe singamwe mu Shire kapena m'thamanda osamira m'matope. Yopanda matope sinamwe, kaya mbusa alumbire chotani. Mbusa uja anaseka, anawatukwana a Zuze mwachibale m'Chisena, n'kutembenuza ng'ombe zake kupita ku mtsinje. Sanali munthu woipa. Aliyense ankayesa, ndipo aliyense ankadziwa kuti pa geti pali munthu amene amayang'ana pansi. Kuphunzitsa konseko sikunathe mphindi ziwiri.

Mu Malichi a Zuze analemba kalata yanga. Ndili nayo. Ili ndi mizere inayi, ndipo wachitatu umati: "Amamva, koma amachedwa kuvomera kuti wamva."

Chaka cha khumi ndi chisanu: Nsanje

Ndidumpha zaka zambiri, koma chaka ichi sindingachidumphe, chifukwa ndi chimene chinandisandutsa munthu wa mapepala. Ndinali ku Nsanje boma. Kunamveka mphekesera ya matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo bwana wathu wa nthawi imeneyo anandiuza pakamwa, pa khonde la ofesi, kuti ndikatseke msika wa ng'ombe. Ndinakatseka. Amalonda anakwiya, nkhani inafika kwa akuluakulu, ndipo bwanayo anakana kuti sanandiuzepo kanthu. Ndinalandira kalata ya chenjezo. Anzanga amene tinayamba limodzi anakwezedwa, ine ndinatsala pomwepo. Kuyambira chaka chimenecho ndinalumbira kuti sindidzachitanso chinthu chimene sichinalembedwe, ndipo pepala lililonse lofika m'manja mwanga ndinkalisunga.

M'zaka zomwezo dongosolo la kutsata linatha. Palibe kalata imene inalithetsa, ndafufuza. Anangosiya. Ankati antchito achepa, sitingaike anthu awiri pamalo amodzi, ndiponso atsopano akubwera ndi madipuloma, safunika kuperekezedwa. A Zuze anamwalira litatha kale. Pa maliro awo ku Tengani tinalipo asanu ndi mmodzi amene tinadutsa m'manja mwawo, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anali ndi womutsata.

Chaka cha makumi atatu: Kasisi, Ogasiti mpaka Okutobala

A Kamwendo anafika ku Kasisi mu Ogasiti. Anali ochokera ku mapiri a ku Ntcheu, mnyamata wamtali, waulemu, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali asanaonepo kutentha kwa kuno. Sabata yoyamba ankayenda ndi thaulo m'khosi. Anali ndi dipuloma, choncho pa giredi anali pamwamba panga, ine amene ndinali nditagwira zaka makumi atatu. Ndikuvomera kuti zinandiwawa. Bwana wa ku boma anabwera nawo pa galimoto, sanatsike n'komwe, anangotsitsa galasi n'kunena kuti a Semba, mnyamatayu mumuonetse ntchito. Galimoto inanyamuka.

Tsiku lomwelo ndinalemba kalata. Ndinafunsa kuti andilembere ngati ndasankhidwa kukhala wowaphunzitsa, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati wa giredi yotsika angathe kulangiza wa giredi yapamwamba. Mafunsowo anali oyenera ndipo ndikuimabe nawo. Yankho silinabwere. Ndinalembanso mu Seputembala, silinabwerenso. Ndiye ndinakhala pansi n'kudikira. Ine ndi a Kamwendo tinkagwira mu ofesi imodzi, matebulo awiri moyang'anana. Ankandipatsa moni m'mawa uliwonse, ankandibweretsera mbatata ya kwawo, ankanditchula madala. Ine ndinkawatchula bwana, ndipo ndinkalitchula dzinalo m'njira yoti amve kuti si ulemu. Akafunsa kumene kuli fomu ndinkawaonetsa. Akafunsa njira ya kumudzi wakuti ndinkawalozera. Kupitirira apo ayi.

Dipi ya ku Kasisi inali itakhala zaka yosagwira ntchito, mpaka alimi anapanga komiti, anakonza simenti n'kugula mankhwala. Anagwirizana kuti itsegulidwe Lachinayi lachiwiri la Okutobala, ndipo pa ndondomeko ya ofesi dzina lolembedwa pa dipi linali la a Kamwendo. Langa linali pa katemera wa agalu kumudzi wina. Lachitatu masana, ndikutseka kabati, anaima pafupi ndi tebulo langa atagwira kope yawo. Anali atawerengera kale muyezo wa mankhwala, ndipo ndinaona kuti anawerengera bwino.

"Madala, mawa ndi koyamba kuimirira ndekha pa dipi. Pali choti ndidziwe?"

Ndinawamva a Zuze m'mutu mwanga, sindinama. Ndinatseka kabati n'kuika kiyi m'thumba.

"Zonse zili m'buku, bwana."

Anathokoza n'kutuluka.

Lachinayi kunatentha kuyambira m'bandakucha. Ng'ombe zinabwera zambiri chifukwa linali tsiku loyamba, ndipo abusa ambiri anali achinyamata amene sanaimepo pa mzere wa dipi. A Kamwendo anachita zimene buku limanena. Anaima pa geti, ndipo mbusa aliyense ankamufunsa ngati ng'ombe zamwa. Aliyense ankati zamwa. Anthu amene analipo anandiuza kuti ng'ombe zina zinkaima m'kati mwa dzenje n'kumamwa, anthu akuzimenya kuti zituluke. Uthenga unandipeza cha m'ma leveni. Pamene ndinkafika, ng'ombe zinali zitagona kuseri kwa dipi, zikunjenjemera, dovu lili chuchuchu. Mankhwala othetsa poizoni tinalibe, anali atatha kuyambira chaka chapitacho, ndipo kalata yanga yowapempha ilipo. Tinayesa makala osinja ndi madzi. Pofika madzulo zisanu ndi zinayi zinali zitafa. Zinayi mwa izo zinali za a Fulukiya, mkulu wina amene ankazisungira lobola ya mwana wawo wamwamuna, ndipo ukwatiwo unaimitsidwa. A Fulukiya sanakalipe. Anakhala pansi pafupi ndi ng'ombe yawo yaikazi, n'kufunsa anthu kuti mwana wa ku mapiriyu anamusiya yekha ndani. Ine ndinkayang'ana miyendo ya ng'ombe zakufazo. Yonse inali youma.

Chaka chomwecho: Novembala

Kunabwera anthu atatu kudzafufuza. Tinakhala m'kalasi ya pa sukulu yapafupi, pa madesiki a ana. Bwana uja wa pa galimoto analipo, ndipo ananena kuti anandiuza ine kuti ndiwaonetse a Kamwendo ntchito. Ndinatulutsa makalata anga awiri, onse odindidwa, onse osayankhidwa. Wapampando wa ofufuzawo anawawerenga, anamuyang'ana bwanayo, ndipo bwanayo anayamba kufufuza china chake m'chikwama. Kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zisanu mapepala anga anandiimira, ndipo ndinamva kukoma. Ndikulemba zimenezi kuti mudziwe mmene mtima wanga unalili.

A Kamwendo atafunsidwa ananena zoona zokhazokha: muyezo unali wolondola, lamulo la ng'ombe zaludzu ankalidziwa, anafunsa abusa, abusa anati zamwa. Wapampando anawafunsa kuti nanga munthu wa dipuloma amakhulupirira bwanji mawu a mbusa. Iwo anangowerama. Za Lachitatu masana sanatchule. Kenako wapampando anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati a Kamwendo anandipemphapo malangizo a za dipi.

Kunali kutatsala zaka zinayi kuti ndipume. Ndinali ndi chenjezo limodzi kale m'fayilo, ndipo lachiwiri likanatha kundichotsa ntchito penshoni ili pafupi. Inu atatu munali ku sekondale. Zonsezi ndinaziganiza pamene wapampando ankadikira ndi cholembera m'manja. Ndinayankha kuti palibe kalata iliyonse imene a Kamwendo anandilembera yopempha malangizo. Anandifunsa china, ine ndinayankha china, ndipo iye analemba kuti ayi. A Kamwendo anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana pa bolodi pamene panali masamu a ana.

Nditafika kunyumba ndinapeza mayi anu akupeta mapira pa khonde. Ndinawafotokozera kuti zatha bwino, makalata andipulumutsa. Anapitiriza kupeta kwa kanthawi. Mayi anu anawadziwa a Zuze, chifukwa chaka chathu choyamba m'banja tinkakhala m'nyumba ya kuseri kwawo.

"Bambo a Rute, a Zuze aja anali ndi kalata yoti akuuzeni za matope?"

Ndinati inde, nthawi imeneyo dongosolo linalipo, zonse zinali zolembedwa. Iwo anati ankafunsa za matope, osati za dongosolo. Sitinakambenso nkhaniyo mpaka pamene mayi anu anamwalira. Kalata yochotsa a Kamwendo inafika mu Januwale. Bwana uja anasamutsidwa n'kukwezedwa.

Chaka chopuma: Nsanje, Epulo

Ndinapuma mu Malichi. Mu Epulo ndinapita ku Nsanje kukaona mlamu wanga wodwala, ndipo pa siteji ya minibasi munthu wina wowotcha nyama ya mbuzi anandiitana kuti madala. Anali a Kamwendo. Ku Ntcheu sanabwerere, anakwatira mkazi wa ku Nsanje konko ndipo anali ndi ana awiri. Chisena ankachilankhula kuposa ine. Anandikokera benchi, anandidulira chiwindi, ndipo ndikufuna kulipira anakana. Anandiseka kuti ndakalamba, ndevu zayera ngati thonje la giredi yoyamba. Ndinawafunsa za ntchito. Anati anayesa katatu ku mafamu a ng'ombe a ku Chikwawa, kawiri ku mabungwe, ndipo konse ankapambana mayeso. Akafika pofunsa ku ofesi yakale, yankho linkabwera ndi mawu aja, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Anati mbuzi zimene amagula amaziyeza yekha, ndipo pa siteji yonse palibe amene anadwalapo ndi nyama yawo. Za matope anati anazimva kwa a Fulukiya, patatha sabata imodzi ng'ombe zitafa. Mkuluyo anawaitana kunyumba kwake, anawatengera ku mtsinje n'kuwaonetsa.

Kenako ndinafunsa chimene chinkandivuta zaka zinayi.

"Tsiku lija m'kalasi, bwanji simunanene kuti munandifunsa?"

Anatembenuza nyama pa waya.

"Mukanakana, madala. Ndipo ine pepala ndinalibe."

Minibasi yanga inadzaza n'kunyamuka ndili pa benchi pomwepo. Ndinawauza kuti ndilemba kalata yonena zoona. Anati ndilembe ngati ndikufuna, koma iwo anasiya kudikira. Patatha milungu itatu ndinakapereka kalata yoyamba ija.

Lero

Ndakwiya ndi ofesi, ndipo ndili ndi chifukwa. Anathetsa kutsata popanda kulemba ngakhale mzere umodzi. Anatenga munthu wa ku mapiri n'kumuponya pa dipi ya ku chigwa mu Okutobala, atangotsitsa galasi la galimoto. Makalata anga awiri akanayankhidwa, ndikanayenda ndi a Kamwendo miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndikudziwa kuti ndikanawaphunzitsa bwino. Mpaka lero atsopano akufika m'madera muno okha, ndi foni m'manja, opanda wowaimika pa geti. Amene tinaphunzira kwa akale tatsala ochepa, tikungokhala m'makonde, palibe amene amatifunsa. Koma ofesi sinali m'chipinda chija Lachitatu masana. Munali ine ndi a Kamwendo. Iwe Yohane, ndamva kuti ku kampani kwanu akupatsa atsikana awiri atsopano ndipo ukudandaula kuti akukuchedwetsa ntchito. Usadikire kuti akufunse bwino, ndipo usadikire kuti wina akulembere.

Mutu uno ndaukopera kawiri. Kope imodzi ndi yanu. Ina ndikupita nayo ku ofesi pamodzi ndi pempho ili, limene ndi kalata yachisanu ndi chitatu.

Kwa mkulu woyang'anira antchito: Ine, Luwisi Semba, mlangizi wa ziweto wopuma, ndikupempha mwaulemu kuti mutsegulenso fayilo ya a Kamwendo. Ndikupempha kuti mulowetsemo umboni wanga wakuti tsiku loti mawa lake ng'ombe zifa anandifunsa malangizo, ine ndinali nawo, ndinawamana, ndipo pamaso pa ofufuza ndinabisa. Ndikupempha kuti mawu oti kunyalanyaza ntchito afufutidwe pa dzina lawo. Ngati malamulo akufuna kuti mawuwo akhale pa dzina la munthu, muwalembe pa langa, ndipo ndisayina. Ndikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku makumi atatu. Ngati yankholo ndi ayi, lembani ayi, musayine, mudinde chidindo. Ndidzakwera nalo minibasi kupita ku Nsanje, ndikawawerengere a Kamwendo ndi pakamwa panga.